Mluza umadya chiyani mayi asanadziwe kuti waima?

Pa sikelo ya amayi oyembekezera ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, kapena ku Kabudula, si kawirikawiri kupeza mayi wa mimba ya mwezi umodzi kapena iwiri. Ambiri amabwera mimba itaonekera kale. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse m'Malawi, 24 okha ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Zifukwa zake timazidziwa: kutalika kwa mtunda, ntchito ya kumunda, ndiponso mwambo woti mimba yaing'ono salengeza, kuopa kuti anthu a mtima woipa angaimange. Koma ngakhale mayi wachangu, amene angathamangire kuchipatala tsiku lomwe wadumphitsa msambo, amakhala atapitidwa kale ndi zambiri. Pofika tsikulo mluza umakhala wa masabata awiri. Wayenda ulendo, wapeza pokhala, ndipo nthawi yonseyo wakhala ukudya.

Masiku asanu opanda mchombo

Dzira la munthu ndi selo limodzi, ndipo lili m'gulu la maselo aakulu kwambiri m'thupi, ngakhale kuti kukula kwake ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 10 a milimita. Likachoka m'thumba la mazira limalowa m'kachubu kotalika masentimita 10 kapena 12 kopita kuchiberekero, ndipo ndi m'kachubu momwemo mmene limakumana ndi mbewu ya abambo. Pakatha tsiku limodzi selo lija limagawika pawiri. Tsiku lachitatu maselo amakhala pafupifupi 8, tsiku lachinayi amapitirira 16 n'kumamatirana kukhala kambulunga, ndipo pofika tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi amakhala ataposa 100.

Chodabwitsa n'chakuti m'masiku oyambirirawa mluza sukula. Maselo akuchuluka, inde, koma lililonse likucheperachepera, onse ali m'chikuto chimodzimodzi chimene dzira lidatuluka nacho. Palibe mchombo, palibe nsengwa, palibe mtsempha wolumikiza mluza ndi magazi a mayi. Komabe kugawika kulikonse kumafuna mphamvu: DNA yonse iyenera kukoperedwa, ma chromosome 46 ayenera kukokedwa kupita mbali ziwiri mosalakwitsa, ndipo khungu la selo latsopano liyenera kumangidwa.

Munthu wapaulendo wautali, wodutsa kumene kulibe msika, amanyamula kamba. Dzira nalonso limatuluka litalongedzeredwa kamba ndi thupi la mayi m'miyezi imene linkakhwima: mapuloteni, timadontho ta mafuta, malangizo olembedwa kale a mmene kugawika koyamba kuyendere, ndiponso tizigawo totchedwa mitochondria, timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Selo wamba limakhala ndi tizigawo timeneti mazana kapena masauzande ochepa. Dzira lokhwima limakhala nato topitirira 100,000. Lifunika tochuluka chotere chifukwa mluza supanga tatsopano kufikira utayandikira kukhazikika m'chiberekero. Umangogawira maselo ake tomwe udalandira.

Mbewu ya abambo imabweranso ndi mitochondria take tochepa, toyendetsa mchira wake, koma dzira limatiphwanya mbewuyo ikangolowa. Choncho mitochondria ta munthu aliyense tidachokera kwa mayi ake, ta mayi akewo kwa agogo aakazi, kubwerera m'mbuyo choncho. Kwa Achewa a kwa Kalolo ndi kwa Kabudula, amene amawerenga mbumba kudzera kuchikazi, izi n'zosavuta kumva. Atsibweni ali ndi mitochondria tofanana ndi ta ana a mlongo wawo, pamene ana awo obereka okha adatengera ta mayi wawo.

Shuga amayamba wadikira

Mphamvu imene selo limagwiritsa ntchito imasungidwa m'kanthu kotchedwa ATP. Nsima imene timadya ikagayidwa imasanduka shuga wa mtundu wa gulukosi. Gulukosi akalowa m'selo amadulidwa pakati, n'kukhala tizidutswa tiwiri ta pyruvate, ndipo pa kudulako selo limapeza ma ATP awiri okha. Phindu lenileni lili patsogolo: pyruvate akalowa mu mitochondria n'kuphwanyidwa mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni, gulukosi mmodzi uja amatulutsa ma ATP pafupifupi 30. Ngati pyruvate salowa mu mitochondria, selo limamusandutsa lactate, amene ndi asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko.

Popeza maselo ambiri a m'thupi amakonda gulukosi, asayansi oyamba kulera miluza ya mbewa m'labotale ankaganiza kuti mluza nawonso ungakondwe naye. Sizidatero. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Wesley Whitten adaona kuti miluza ya maselo 8 inkakula m'madzi okhala ndi gulukosi, koma ya maselo awiri inkafuna lactate. Ralph Brinster adapitiriza ntchitoyi mu 1965, ndipo mu 1967 John Biggers, David Whittingham ndi Roger Donahue adaonetsa kuti dzira la mbewa, ndiponso selo loyamba lenilenilo, silingagawike ndi gulukosi yekha. Limafuna pyruvate. Adaonanso kuti maselo ang'onoang'ono amene amazungulira dzira potuluka m'thumba la mazira ndi amene amadya gulukosi, n'kumadulira dziralo pyruvate wokonzakonza. Patapita zaka, mu 1988, labotale ya Barry Bavister ku America idapeza kuti m'nyama zina zazing'ono zotchedwa hamster, gulukosi pamodzi ndi phosphate amaimitsiratu kugawika kwa mluza wa maselo awiri.

Za munthu zidadziwika mochedwerapo, chifukwa panalibe njira yoonera mluza wa munthu uli wamoyo kufikira madokotala atayamba kukumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi. Louise Brown, mwana woyamba kubadwa mwa njira imeneyi, adabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham, ku England. Mu 1989 Kate Hardy ndi anzake pa chipatala cha Hammersmith ku London adaika mluza umodziumodzi m'kadontho ka madzi a chakudya, n'kumayeza zimene zachepa m'kadonthomo pakatha maola angapo, osaukhudza mluzawo. Adapeza kuti m'masiku oyamba mluza wa munthu umamwa pyruvate wambiri ndi gulukosi wochepa, ndipo pofika tsiku lachisanu gulukosi amene umamwa amakhala atawonjezeka pafupifupi katatu.

Thupi la mayi limayenderana ndi zimenezi. Mu 1996 David Gardner ndi anzake ku Australia adayeza madzi a m'kachubu ndi a m'chiberekero mwa amayi. Pa nthawi imene dzira limatuluka, m'kachubu mudali pyruvate wochuluka katatu kuposa m'chiberekero, lactate wambiri, ndi gulukosi wochepa kwambiri. M'chiberekero gulukosi adali wochuluka pafupifupi ka 6 kuposa m'kachubu. Mluza ukamayenda, chakudya chimasintha pa nthawi yomwe iwo ukusintha zofuna. Kwa ine iyi ndi imodzi mwa mfundo zokongola kwambiri m'maphunziro a thupi la munthu, ndipo ndi yomwe imatiuza kuti kachubu kaja kali ndi ntchito yoposa kungodutsitsa dzira. Kamadyetsa. Matenda opatsirana pogonana, monga chinzonono, akasiyidwa osachizidwa amawononga mkati mwake. Zotsatira zake zikhoza kukhala kusabereka, kapena mluza kumera m'kachubu momwemo, chimene ndi ngozi yopha. Mayi amene wadumphitsa msambo n'kumamva ululu waukulu mbali imodzi ya chinena, kapena kuchita chizungulire ndi kutaya magazi, asadikire kucha. Afike kuchipatala kumene kuli fiyeta.

Mluza ukayamba kudzilamulira

Kufikira maselo atakwana 4 kapena 8, mluza umayendera malangizo amene mayi adalongedza m'dzira. Peter Braude ndi anzake ku Cambridge adaonetsa mu 1988 kuti ndi pa msinkhu umenewu pamene DNA ya mluza weniweniwo, yosakaniza ya mayi ndi ya bambo, imayamba kuwerengedwa mokwanira. Kafukufuku wa pa mbewa wofalitsidwa mu 2017 ku Los Angeles adapeza kuti pyruvate amafunika kuti kudzuka kwa DNA kumeneku kuchitike. Ndiye kuti chakudya cha mluza chimakhudza ngakhale nthawi imene ma jini ake amayambira ntchito.

Kuyambira pamenepa zonse zimathamanga. Maselo akunja amayamba kupopera mchere mkati mwa kambulunga kaja, madzi n'kumautsatira, mpaka pakati pamapangika mphako yodzaza madzi. Mluza wa msinkhu umenewu umatchedwa blastocyst. Kupopako kumadya ATP wochuluka zedi, ndipo mitochondria, timene poyamba tinali tobulungira ndi tofatsa, timatalika n'kuyamba kumwa okosijeni wambiri. Gulukosi tsopano ndi wolandiridwa. Maselo akunja adzakhala nsengwa, ndipo kagulu kochepa ka mkati ndiko kadzakhale mwana.

Blastocyst imasandutsa gawo lalikulu la gulukosi wake kukhala lactate ngakhale okosijeni alipo, ngati kuti ikutaya dala ma ATP ambiri aja. Otto Warburg adaona khalidwe lomweli m'maselo a khansa m'zaka za m'ma 1920. Selo limene likuchulukana mofulumira limasowa zomangira kuposa mphamvu, ndipo tizidutswa ta gulukosi timagwira ntchito yopangira DNA ndi makungu a maselo atsopano. Gardner akuganizanso kuti lactate wotayidwayo amafewetsa khoma la chiberekero kuti mluza ulowe bwino, zimene zimachitika pakati pa tsiku la 6 ndi la 10.

Ngakhale utakhazikika, mluza suyamba msanga kudyera m'magazi a mayi. Graham Burton wa ku Cambridge ndi anzake adaonetsa mu 2002 kuti m'miyezi itatu yoyamba timabowo ta m'khoma la chiberekero timatulutsa madzi okhala ndi shuga, mapuloteni ndi mafuta, ndipo ndiwo amadyetsa mluza. Magazi a mayi amayamba kuyenda mokwanira m'nsengwa cha pa sabata la 10 mpaka 12. Nthawi yonse imene mtima, ubongo ndi msana zikuumbidwa, mluza umakhala m'malo a okosijeni wochepa, ndipo zimenezi n'zabwino kwa iwo. Mitochondria tikamagwira ntchito mwamphamvu timatulutsa tizinthu towononga DNA, ndipo mluza waung'ono sukhala ndi chitetezo chokwanira. N'chifukwa chake malabotale ambiri olera miluza amaika okosijeni pa 5 peresenti, osati 21 peresenti ya mpweya umene timapuma. Henry Leese wa ku York adafotokoza mu 2002 kuti mluza wathanzi nthawi zambiri ndi wofatsa pa kadyedwe, ndipo umene ukumwa chakudya mopupuluma ukhoza kukhala kuti ukulimbana ndi kukonza zowonongeka. Pambuyo pake adaonjezera kuti kufatsa kopitirira nakonso si chizindikiro chabwino.

Njala, matenda a shuga ndi nyengo

Mluza wa masiku ochepa ndi wochepa kwambiri moti sungamalize ngakhale nyenyeswa ya nsima. M'miyezi itatu yoyamba mayi amangofunika kuonjezera chakudya pang'ono chabe. Nkhani yaikulu ili pa mtundu wa zimene zili kale m'thupi lake, chifukwa madzi a m'kachubu ndi a m'chiberekero amachokera m'magazi ake.

Umboni wake ndi wamphamvu. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945 asilikali a Germany adatsekereza chakudya kumadzulo kwa Netherlands, ndipo anthu adavutika ndi njala kwa miyezi ingapo. Popeza zipatala zinkalemba bwino kaundula, ana a nthawi imeneyo adatsatidwa mpaka ukalamba. Amene njala idawapeza ali kumapeto kwa mimba adabadwa onyentchera. Amene idawapeza kumayambiriro adabadwa ndi sikelo yabwinobwino, koma atakula ambiri mwa iwo adadwala matenda a mtima ndi kunenepa kopitirira kuposa anzawo. Mu 2008 asayansi adapeza kuti patatha zaka 60, DNA yawo idali ndi zizindikiro zosiyana ndi za abale awo a bere limodzi. Zizindikirozi ndi tizinthu ta methyl timene timamatiridwa pa DNA n'kumalamula kuti jini ligwire ntchito kwambiri kapena pang'ono, ndipo zambiri zimafufutidwa n'kulembedwanso m'masiku oyamba enieni a mluza. Ku Southampton, mu 2000, labotale ya Tom Fleming idapatsa makoswe aakazi chakudya chochepa mapuloteni kwa masiku anayi okha oyamba a bere, kenako n'kuwabwezera chakudya chabwino. Ana awo atakula adapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Chitsanzo chofanana kwambiri ndi kwathu chili ku The Gambia, m'midzi yozungulira Keneba, kumene alimi amakhala ndi nyengo ya dzinja ya njala ndi ntchito yolemetsa, kenako nyengo ya zokolola. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 ndi mu 2014 adaonetsa kuti zizindikiro za pa DNA ya ana zinkasiyana malinga ndi nyengo imene mimba idayambira, ndipo kusiyanako kunkatsatira zinthu monga folate ndi mavitamini ena a gulu la B zimene zidali m'magazi a mayi pa nthawiyo.

Mlimi wa ku Nsaru kapena ku Nambuma angazindikire kalendala yake m'nkhani imeneyi. Kuyambira Januwale mpaka Malichi nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, mayi ali kalikiliki kupalira, kubandira, kuthyola ndi kusoka fodya, mwinanso kukagwira ganyu m'munda wa wina, ndipo udzudzu wa malungo uli pachimake. Komabe miyezi yomweyi ndi ya bonongwe, nkhwani, chisoso ndi luni, masamba okhala ndi folate wambiri. Ikafika Meyi ndi Juni nsima imachuluka, koma mtedza, soya ndi nyemba, zimene zikadapereka mapuloteni ndi mafuta, nthawi zambiri zimapita pa sikelo ya mavenda ku Msundwe ndi ku Namitete, banja n'kutsala ndi ufa woyera umene mtima wa chimanga udapita ndi madeya. Apa sindibisa maganizo anga: banja limene likuyembekeza kukhala ndi mwana likamagawa zokolola, thumba la mtedza ndi la nyemba lotsala pakhomo liyenera kuwerengedwa lisanawerengedwe la kumsika, ndipo amene amagwira ndalama za zokolola, amene nthawi zambiri ndi bambo, ndiye woyenera kumva zimenezi poyamba.

Palinso china chokhudza mibadwo. Mazira onse amene mkazi adzakhale nawo amapangidwa iye akadali m'mimba mwa mayi ake. Pa mwezi wachisanu wa mimba amakhala pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni, pobadwa amatsala miliyoni imodzi kapena ziwiri, ndipo m'moyo wonse okhwima n'kutuluka ndi 400 kapena 500 okha. Atsikana amene adali m'mimba pa njala ya 2002, imene idasautsa kwambiri chigawo chapakati mpaka Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza mu Febuluwale chaka chimenecho kuti dziko lili pa ngozi, ndi ena mwa amayi amene akubereka lero. Dzira limene likusanduka mwana chaka chino lidayambira m'thupi la agogo ake.

Kuchuluka kwa chakudya nakonso kuli ndi vuto lake. Mayi wa matenda a shuga amene shuga wake sakutsika amasambitsa mluza m'gulukosi wopitirira pa nthawi imene sukumufuna. Madokotala adaona kalekale kuti zikatere chiopsezo chopita padera, kapena chobereka mwana wolumala mtima ndi msana, chimakwera. Mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 22, ndipo kachubu kamene kadzakhale ubongo ndi msana kamatsekeka pofika tsiku la 28. Shuga ayenera kukhazikitsidwa mimba isanayambe.

Za folate zili chimodzimodzi. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa 1991 adatsimikiza kuti mapiritsi a folic acid amachepetsa kwambiri ana obadwa ndi chotupa chotseguka pamsana, ndipo malangizo a padziko lonse ndi ma microgram 400 tsiku lililonse, kuyambira mimba isanayambe. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid amene amaperekedwa ku sikelo amathandiza magazi a mayi, koma kwa amene wayamba sikelo pa miyezi inayi, msana wa mwana udatsekeka kale. Ufa wogayitsa pa chigayo cha m'mudzi sukhala ndi mavitamini oonjezera monga wa m'mafakitale aakulu. Malawi idalowa m'ndondomeko ya masiku 1000 oyamba a mwana mu 2011, ndipo alangizi a zaumoyo akhala akuphunzitsa za magulu 6 a zakudya. Uthengawu ufunika kufika kwa atsikana ndi akwati atsopano, osati kwa okhawo amene mimba yaoneka, makamaka m'dziko limene kafukufuku wa 2015-16 uja adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali oyembekezera, matupi awo akadali kukula.

Zikalephereka

Zonsezi zisasanduke ndodo yokwapulira mayi amene wapita padera. Allen Wilcox ndi anzake ku America adayeza mikodzo ya amayi athanzi tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1988 adalengeza kuti mimba 31 mwa 100 zidatayika, zambiri mwa izo mayi asanadziwe n'komwe kuti adaima. Pafupifupi theka la mimba zotayika m'miyezi itatu yoyamba zimakhala ndi chiwerengero cholakwika cha ma chromosome, cholakwa chimene chimachitika pa kugawika kwa selo, ndipo chimachulukira dzira likamakalamba. Palibe chakudya, chithumwa kapena mwambo umene ukadaletsa. Mbewu ya abambo nayonso ili ndi mbali yake. Imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangidwe, ndipo kachasu, fodya wosuta ndi kutentha thupi kwa malungo m'miyezi imeneyo zimaikhudza.

Kupita padera kukabwerezabwereza, kawiri kapena katatu, mwamuna ndi mkazi apite limodzi kuchipatala. Pali zoyambitsa zina zimene zimayezeka ndi kuchizika, monga shuga, chindoko, malungo ndi vuto la chithokomiro. Mayi amene adaberekapo mwana wa chotupa pamsana, kapena amene amamwa mankhwala a khunyu, akaonane ndi dokotala asanatenge mimba ina, chifukwa iye amafunika folic acid wa mlingo waukulu kuposa wa amayi ena, ndipo mwina mankhwala akewo angafunike kusinthidwa.